Chitsa Pansi pa Simenti

Kalekale ndithu, galimoto zisanachuluke m'midzi muno, kunali mayi wina dzina lake Nasibeko, amene ankadwazika amayi ake okalamba. Nyumba yawo inali patali ndi msewu, ndiye matenda akakula, iye ankawabereka kumsana mpaka kumsewuko. Alongo ake atatu atagula galimoto anati, "Chemwali, mwavutika mokwana. Timanga njira ya simenti, galimoto izifika pakhomo penipeni."

Wamkulu, Yotamu, anatenga ntchito yolambula. Pakati pa njirayo panali mtengo wa mango. Anaudula, koma chitsa osazula. "Anadzala ndi malemu bambo uwu, ine ndizule mizu yawo?" Anangochikwirira ndi dothi, basi.

Wachiwiri, Lufeyo, anathira miyala ndi mchenga. Atangoyamba kutsindira, di, di, anamva amayi akubuula m'nyumba kuti mutu ukuwawaza. "Ndiwasokosere odwala?" Analeka, dothi likadali lofewa.

Wamng'ono, Zuze, ndiye anali wothira simenti. Poponda, phazi linkachita kulowa. Anadziwa, abale anga, anadziwa bwinobwino, pajatu ankamanga nyumba za anthu mnyamata ameneyu. Koma anati, "Mwana wadzulodzulo ine, ndikadzudzule akuluakulu?" Anatseka pakamwa, n'kuthira simenti, n'kusalaza kuti see. Anthu ankachita kubwera kudzaona. Ha, chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere!

Pansipo chiswe chinapeza chitsa chija n'kuchidya chonse. Mvula nayo inalowa n'kukokolola mchenga wosatsindira uja, simenti n'kutsala yokha pamwamba pa mphako.

M'mawa wina amayi anakomoka. Nasibeko anawakweza m'galimoto, Lufeyo analiza injini. Atafika pakati, simenti ija phwa! Galimoto inatitimira mpaka m'mimba. Anakankha, anakumba, koma ayi ndithu. Nasibeko anawabereka amayi ake n'kuyamba kuthamanga, ndipo asanafike kumsewu anamva manja awo akumasuka pakhosi pake.

Zimandipsetsa mtima ine nkhaniyi. Amuna atatu athunthu, a ndevu zawo!

Maliro ataikidwa, Nasibeko anawaitana alongo akewo n'kuwaimika m'mphepete mwa dzenje lija.

"Achimwene, tandiuzani. Dzenje ili anakumba ndani?"

"Ine ndinalemekeza akufa," anatero Yotamu.

"Ine ndinamvera chisoni odwala," anatero Lufeyo.

"Ine ndinaopa akulu anga, monga anandilelera amayi omwewo," anatero Zuze, maso ali pansi.

"Nonse aulemu," anatero Nasibeko. "Ulemu wanuwo ndi umene wandiphera amayi."

Ine sindiwayankhira alongowo. Mlanduwu ndautula kwa inu amene mwakhala apa. Pa atatuwa palibe anagwira khasu kuti akumbe dzenje, koma dzenje linameza galimoto. Nanga Nasibeko aloze chala ndani: amene anakwirira chitsa, amene analeka kutsindira, kapena amene anaziona zonse n'kuziphimba ndi simenti?