Denga la Makomo Anayi

Panali mayi wina, dzina lake Nangozo, amene ankakhala m'nyumba ya mdadada pa esiteti ina yakale. Nyumbayo inali ndi makomo anayi, mabanja anayi, koma denga linali limodzi, laudzu. Khomo la Nangozo linali lakumapeto, kumene nyumba inapendekera.

Mayiyu anakwatiwa kutali ndi kwawo. Pochoka, mayi ake anamupatsa ngala zingapo za chimanga chamakolo, cholimba chija chosafumbwa msanga. Mayi akewo anamwalira, mudzi unabalalika, mwamuna nayenso anatsikira kulichete. Chakwawo chimene chinatsala m'manja mwake chinali mbewu imeneyi basi. Chaka ndi chaka ankasankha ngala zonenepa, n'kuzimangirira ku phaso pamwamba pa moto kuti utsi uziteteze ku anankafumbwe. Akaziyang'ana, mtima unkapita kwawo.

Kale dengalo linali lochindikala. Mvula ikamagwa sinkamveka n'komwe, inkangonong'ona pa udzu, munthu n'kugona tulo tofa nato. Nangozo ankazilakalaka nyengo zimenezo. Ankazilakalaka kwambiri.

Koma panyumbapo panali kachizolowezi. Moto ukazima m'mawa, munthu ankangotambasula dzanja pakhonde, n'kusolola kaudzu padenga koyatsira. Kaudzu kamodzi n'chiyani? Nangozo ankasolola. Anzake ankasolola. Ana ankaonera akulu.

Pakhomo loyamba pankakhala a Kamtedza, oumba njerwa. Iwowo za kaudzu kamodzi analibe nazo nthawi. Akafuna kufunditsa njerwa zaziwisi kuti zisang'ambike ndi dzuwa, ankazula manja odzaza. Akafuna kuyatsa uvuni, ankazulanso. Njerwa zinkayenda malonda, banja linanenepa, denga linaonda.

Chaka china Nangozo ali gone masana, anaona kadontho ka dzuwa pamphasa pake. Anadzuka n'kuitana anzake onse pabwalo.

"Abale anga, denga latha," anatero. "Tifolere mvula isanabwere."

Bambo wa khomo lachiwiri anaseka. Anati denga lililonse limadontha, ngakhale la agogo ake linkadontha, ndipo sanafe nazo. Mayi wa khomo lachitatu analoza a Kamtedza, nati afolere okha popeza ndiwo anamaliza udzu. A Kamtedza anakhosomola pang'ono.

"Amene sanasololepo aimike dzanja," anatero.

Palibe anaimika. Nangozo anawerama, manyazi atamugwira. Ankadziwa kuti kaudzu kake ndi mitolo ya a Kamtedza sizingafanane, komabe dzanja lake silinali loyera. Msonkhano unathera pomwepo. Onse anavomerezana kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo atavomerezana bwino lomwe, aliyense anakalowa m'nyumba mwake.

A Kamtedza sanali opusa. Anapita kumsika, nagula pepala la pulasitiki, nalilowetsa pansi pa udzu pamwamba pa chipinda chawo chokha.

Nangozo anatenga zenga. Anapita kudambo, komwe udzu wabwino unali utayamba kale kusowa, namweta, nasenza, mpaka khosi linauma. Kumeneko kufolera ndi ntchito ya amuna, koma mwamuna aliyense panyumbapo ankadikira kuti mlandu uyambe waweruzidwa. Ndiye Nangozo anatsamiritsa mtengo kukhoma, nakwera yekha, anthu akumuseka. Anafolera pamwamba pa chipinda chake mpaka kadontho ka dzuwa kanazimirira. Mitolo ina inatsala, anaiimika kuseri.

Kenaka kunabwera uthenga wa maliro a mlamu wake, kutsidya la mtsinje. Anatseka chitseko ndi mtima wokhazikika. Mbali yake inali yofolera.

Ali komweko kunagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija yozima moto wa m'tchire. Chaka chimenecho sinagwe mwaulemu. Inakhuthuka osapuma, mtsinje unadzaza, ndipo Nangozo anakhala kutsidyako mpaka madzi ataphwa.

Atafika kunyumba n'kutsegula chitseko, fungo la chuku linamulandira. Anayang'ana kumwamba. Pamene anafolera panali pabwinobwino. Koma madzi analowera pamwamba pa chipinda cha a Kamtedza, pamene udzu unatheratu. Atapeza pulasitiki, anatsetsereka n'kugwera pa mtanda wautali umene unkadutsa zipinda zonse zinayi. Anayenda ndi mtandawo, kutsata kupendekeka kwa nyumba, mpaka anakatsikira pa phaso pomwe panali mbewu.

Nangozo anamasula ngala zija. Zina zinali zitada bii. Zina zinali zitamera zili m'mwamba momwemo, timizu toyera tikufunafuna dothi mumpweya. Anazisenda imodziimodzi, kufuna njere ngakhale zodzaza chikhatho. Sanazipeze.

Anakhala pansi nalira. Sanalire choncho ngakhale kumaliro kumene ankachokera. Ankalirira mayi ake, ndi munda wa kwawo, ndi kukoma kwa ufa umene sadzaulawanso.

A Kamtedza anasuzumira pakhomo, zovala zawo zili gwa kuuma.

"Pepani, mayi," anatero. "Mvula ndi ya Mulungu."

Nangozo anaimirira. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, napita kuseri, nasenza mitolo inatsala ija. Anadutsa khomo lachitatu, nadutsa lachiwiri, naitula pakhomo pa a Kamtedza, mwakuti sakanatha kulowa osailumpha.

"Mvula ndi ya Mulungu, koma bowo ndi lathu," anatero. "Lalikulu ndi lanu, laling'ono ndi langa. Udzu ndi uwu, bambo. Kwerani. Mlandu tikambirana tili pouma."

Anabwerera kuchipinda kwake kukatola ngala zowola zija, nakazitaya kudzala.

Inu amene mukundimva, musandifunse ngati a Kamtedza anakwera. Ine sindikudziwa. Kwezani maso muone denga limene tonse tagonamo, mlengalenga uwu umene umatiphimba ku ukali wa dzuwa ndi kutigawira mvula pa nthawi yake. Akuluakulu pano akukumbukira pamene munthu ankadziwa mwezi wobzala osafunsa wailesi. Lero mvula ikachedwa timapsa, ikabwera imatikokolola. Alipo a kutali, a mafakitale ndi utsi wosatha, amene azula mitolo, ndipo iwo ali ndi pothawira. Tisaope kuwatchula, ndipo tisalole kuti atiuze kuti tonse talakwa mofanana. Koma ifenso tili ndi nkhwangwa, ng'anjo za makala ndi moto wa m'tchire. Khomo lathu ndi lakumapeto, kumene madzi amathera. Tikadikira kuti wolakwa wamkulu avomere kaye, tidzapambana mlandu tilibe chobzala.