Mbewa Ziwiri za Mayi Dikirani

M'chipinda chofufuzira cha pansi penipeni, momwe munkanunkha utuchi ndi sopo, munali mbewa zoyera makumi awiri ndi zinayi. Dokotala wamkulu wa kafukufuku adatha zaka zitatu akuziswetsa mpaka zitakhala za mtundu umene ankaufuna, ndipo kunalibenso zina zotere. Mkazi wake adamwalira ndi khansa, ndipo chichokereni kumanda bamboyu sankadziwanso Loweruka kapena Lamulungu. Ndani angamunene? Chisoni chimathamangitsa munthu kuposa njala.

Maganizo ake anali omveka ndithu. M'thupi muli asilikali olimbana ndi matenda, koma pakati pawo pali kagulu kochepa kamene ntchito yake ndi kuletsa anzawo kuti asapyole muyeso. Dokotala ankati kaguluka ndiko kamapatsa chotupa cha khansa mpata wokula. Kungokachotsa, asilikali amenya nkhondo momasuka.

Wosamalira mbewazo anali mayi wamfupi wa magalasi omanga ndi ulusi. Anzake adamutcha Mayi Dikirani, poti mawu amenewa sankachoka pakamwa pake. Tsiku lobaya mankhwala ochotsa kagulu kaja, mayiyu adaima kutsogolo kwa makola.

"Adokotala, dikirani kaye. Bayani theka, zinazo tiyambe taona."

"Mayi, ndadikira zaka zitatu. Khansa sidikira munthu."

"Ndamva, bambo. Koma ziwiri izi zili ndi bere. Izi zokha sindipereka, olo mundichotse ntchito."

Dokotala adapsa mtima. "Tengani mbewa zanuzo muzikakhala nazo kotsukira mabotolo! Kuno ndikufuna ondithandiza, osati ondigwira mwendo."

Mayiyo adanyamula khola la mbewa ziwirizo n'kutuluka.

Sabata yoyamba zotupa zomwe mbewa zobayidwazo zinali nazo zidafota ngati masamba a padzuwa. Dokotala adayamba kuimba mluzu m'khonde, zomwe anthu anali asanazimve chimwalirireni mkazi wake. Sabata yachiwiri mbewa zidayamba kutupa zikope, ubweya kuthothoka, chakudya kungochinunkhiza. Omuthandiza awiri amene adatsala m'chipindamo adaziona zonsezi, koma adatseka pakamwa. Anali ataphunzira kuti woyankhula amathera kumabotolo. Pofunsidwa ankangoti, "Zili bwino, abwana."

Pamene Dokotala ankadzionera yekha, madzi anali atafika m'khosi. M'masiku asanu makola onse adangoti zii. Atayeza chiwindi, khungu ndi matumbo a mbewazo, adapeza kuti asilikali aja, posowa wowaletsa, atathana ndi chotupa adatembenukira thupi lomwe ankayenera kuliteteza. Dokotala adakhala pampando, manja ali m'mutu. Kagulu kamene ankakayesa mdani ndiko kankasunga moyo wa mbewa zake. Ntchito ya zaka zitatu idathera pomwepo, ndipo adalira ngati kuti maliro a mkazi wake achitikanso.

Mmawa mwake adatsika masitepe mwamanyazi kupita kotsukira mabotolo. Adapeza Mayi Dikirani thovu lili m'zigongono.

"Mayi, zatha zonse. Ndabwera kuti mundiseke."

"Ndikusekeni kuti ndipindulenji? Pukutani maso, mubwere kuno. Koma pang'onopang'ono, mungazidzidzimutse."

Mayiyo adavundukula nsalu pakhola lomwe linali kuseri kwa sinki. M'kati, pa utuchi woyera, tiana khumi ndi kamodzi tinkalimbirana mabere a amayi awo.

Dokotala adagwada pasimenti yonyowayo osasamala buluku lake. Adatambasula dzanja kuti agwire kamodzi.

"Dikirani," adatero mayiyo. "Tianati sitinaphenye."

Bamboyo adabweza dzanja msangamsanga, akuseka misozi ili mbwembwembwe. Lolemba lotsatira khola lidabwerera m'chipinda chofufuzira, mwini wake ali pambuyo, ndipo funso la kafukufuku lidasintha: kaguluka kangachepetsedwe motani popanda kukatheratu? Adachita kutaya mbewa makumi awiri ndi ziwiri kuti amvetse zomwe akuluakulu adanena kalekale, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.