Mwala wa Patayala la Lole

Ana inu, nkhani iyi ndinaimva ku Neno, masiku omwe ndinkayenda ndi malole a makala, miyendo isanayambe kudandaula. Anandiuza ndi makaniko wina tikudikira kuti injini izizire.

Bambo Chikaonda anali ndi lole yakale, batire yake yofooka moti kiyi yekha sankailiza. Ankaiimika pamtunda itayang'ana kumunsi, ili m'giya, mwala patayala. M'mawa ankachotsa mwalawo, n'kuponda kilatchi, chopondera chakumanzere. Lole ikayamba kuthamanga ankachotsa phazi, injini n'kulira.

"Edesi mwana wanga, mwala uwu usauchotse. Pampando pangapo usakhalepo. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

"Ndati chiyani?"

"Mwala. Mpando."

Tsiku lina masana, bambowo ali kudimba kumunsi kwa mtundawo, Edesi anasowa chophwanyira malambe. Anakoka mwala uja. Lole sinasunthe.

"Waona, Lameki?" anauza mlongo wake wamng'ono. "Ababa amangotiopseza. Kwera ndikupititse ku Limbe."

"Ababa anakaniza."

"Wamantha iwe! Tsala, uziyenda wapansi mpaka ukalambe."

Lameki anakwera. Edesi anapotoza kiyi yemwe anali momwemo. Zii. Anatambasula mwendo n'kuponda chopondera chakumanzere, monga ankaonera bambo ake.

"Achemwali, nyumba ikuthawa!"

Sinali nyumba. Lole inkatsetsereka mwakachetechete. Ndi mantha, Edesi anachotsa phazi. Chilolecho chinagwedezeka, chinatsokomola, kenaka chinabangula ngati chilombo.

Bambo Chikaonda anataya khasu. "Ponda chapakati! Chapakati!"

Chapakati chiti? Zopondera zitatu, misozi m'maso, Lameki akumukoka malaya. Anaponda chakumanja. Lole inalusa, inadutsa m'chimanga, inagwetsa mpanda, n'kukadziguguda pachulu.

Edesi anatuluka wopanda bala. Koma Lameki, anthu anamutulutsa mkono wake uli lendelende, ndipo sunawongokenso. Ali pachipatala, mtsikanayo ankangofunsa aliyense, ngakhale anamwino: "Koma batire inali yakufa. Yalira bwanji? Nditachotsa mwala sinayende. Yayenda bwanji?"

Ana inu, galimoto ikakhala chete sikuti yafa. Akuluakulu akati ichi musakhudze, musakhudze, ngakhale mutaona kuti palibe chikuchitika. Mwamva? Iwe ukusekawe, wamva?

Ayi, amayi, musandiyalire mphasa. Ndikakhala malo amodzi msana umandiwawa. Iwe, tandipatsa chipewa changacho, ndikafike kumsewu magalimoto asanathe.