Mayi Wamasiye ndi Chingwe cha Jenereta

Panali mayi wina wamasiye amene ankatsata anthu okonza msewu. Msewu ukapita patsogolo, msasa wa antchito unkasuntha, nayenso ankazula tenti yake n'kukaikhoma kumene iwo aima. Ankagulitsa tiyi ndi mandasi. Ankadya thukuta lake, ndipo pamsasa ponse panalibe womuyankhula mwachibwana.

Kutchire kumeneko kunalibe magetsi, ndipo antchito ankadandaula kuti mafoni awo akuzima. Mayiyo anaona kuti pamenepo pali malonda. Anaganiza zogula jenereta yoti azitchajira mafoni ndi kuyatsira mababu awiri pakhomo pa tenti. Koma popeza chinthu chachikulu sichigulidwa mwinimbumba asakudziwa, anaitana mlongo wake kuti amuperekeze kutauni.

M'sitolo munali majenereta awiri. Ina inali yaing'ono, yamsinkhu wa chigubu cha madzi, yokhala ndi chogwirira pamwamba. Inayo inali yaikulu, yofiira, yozingidwa ndi zitsulo. Wogulitsa ankayankhula akuyang'ana mwamunayo. Anakoka chingwe cha yaikuluyo, ndipo inabangula mpaka mabotolo a pashelefu anagundana. Mlongo uja anavula jekete, nakokanso yekha, ndipo inalira.

“Jenereta ndi iyi, achemwali,” anatero. “Kajako n'koseweretsa ana. Iyi mudzalumikizako ndi firiji yomwe, muzigulitsa zozizira. Anthu adziwe kuti kwathu sitigula zidole.”

Mayiyo anasendera kuti agwire chingwe.

“Musavutike, mayi, mungadetse chitenje chanu,” anatero wogulitsa. “Amuna tilipo.”

Mawuwo anali aulemu, ndipo iye sakanatsutsa mlongo wake pamaso pa mlendo. Anabweza dzanja. Motero anagula jenereta imene sanaikhudze n'komwe.

M'mawa woyamba kumsasa anathira petulo, naponda chitsulo ndi phazi, nakoka chingwe. Chingwecho chinatuluka pang'ono, kenaka chinabwerera mwamphamvu n'kumupweteka phewa. Anayesanso mpaka thukuta linamuyenderera m'khosi. Injini inangotsokomola. Kapitawo wa antchito, amene ankadutsa, anaima, naseka, nakoka kamodzi kokha, ndipo jenereta inalira. Mayiyo anapinda mawondo, nathokoza.

Malonda anayenda bwino. Patebulo pankadzaza mafoni, ndipo firiji inabweradi. Tinene zoona: jenereta imeneyo inalibe vuto lililonse. Inkachita zonse zimene wogulitsa analonjeza. Koma m'mawa uliwonse mayiyo ankaima panja pa tenti ya kapitawo, kudikira kuti amalize kusamba adzamulizire injini. Ndipo tsiku losuntha msasa likafika, pankafunika amuna angapo oinyamula ndi lole yoikwezapo, ndipo woloza amuna ndi loleyo anali kapitawo yemweyo.

Poyamba kapitawo ankamutchula kuti mayi. Patapita nthawi anayamba kumutchula kuti alamu. Kenaka anayamba kulowa m'tenti osaodira, kudzitengera kapu, kuvula nsapato n'kutambalala pamphasa. Tsiku lina mayiyo anamva wantchito wina akuuza mnzake kuti, “Foni yanga ndasiya kwa akazi a kapitawo.” Ananena mosanyoza, ngati munthu wotchula chinthu chodziwika kale. Chimenecho ndicho chinamulasa koposa.

Kapitawo atabwera, mayiyo anaima pakhomo.

“Bambo, pakhomo pano pali mwini wake. Muziodira.”

“Iii, alamu, mwalota chiyani lero?” anayankha akuseka. “Kodi munthu amaodira pakhomo pamene moto wake amakoleza ndi iye?”

M'mawa mwake sanabwere. Dzuwa linakwera, mafoni ali chizimire, zakumwa zikufunda m'firiji, eni ake akung'ung'udza. Mayiyo anapita kukamupempha, nabwerera yekha, napitanso. Kapitawo anabwera pamene anafunira, akuyenda pang'onopang'ono, akutokosa m'mano. Anakoka chingwe osamuyang'ana, ndipo anthu onse anaona.

Kufupi ndi msasawo kunali kamsika, ndipo pakamsikapo panali munthu woonetsa kanema m'chisakasa. Iye anali ndi jenereta yaing'ono imene inkalephera kukoka zokuzira mawu zake zazikulu. Mayiyo anapita kwa iye, namuuza kuti asinthane.

“Mayi, mwaganiza bwino? Ng'ombe musinthanitse ndi mbuzi?”

“Ng'ombe imene sindingathe kuigwira pachingwe ndi ya amene akuigwirayo,” anayankha mayiyo. “Koma musafulumire kukondwa. Ndiyambe ndaiyesa.”

Munthu uja anawerama kuti amulizire.

“Ayi. Ikani manja anu kumbuyo.”

Anakoka, inakana. Anakokanso, inalira, kamawu kake kotsika ngati ka makina osokera. Anaizimitsa, naikokanso, ndipo inalira. Atatero anapota nkhata, naisenza pamutu popanda womutukulira, nazungulira chisakasa chonse, naitula yekha.

“Katengeni yanu ija,” anatero. “Firijinso mutenge, tigwirizana. Kanthu aka sikangaikoke.”

Tsiku losuntha msasa, kapitawo anafika ndi lole ndi amuna ake.

“Alamu, tiyeni tikweze katundu wathu!”

Anapeza tenti yazulidwa, miphika ndi tebulo zapita kale panjinga ya kabaza. Mayiyo anali ataima m'mbali mwa msewu, jenereta ili pamutu.

“Zikomo, bambo. Katundu wanga ndi uyu, ndamusenza.”

Lole inamudutsa, nimuwaza fumbi. Ena mwa amuna amene anali pamwamba anamuseka. Iye anayenda wapansi mpaka kumsasa watsopano.

Sindikubisirani mtengo wake. Malonda a zozizira anatha. Mafoni ankatchajidwa mosinthanasinthana, ndipo ena osaleza mtima anapita kwina. Mlongo wake atamva anakwiya kwambiri, nanena kuti wamuchititsa manyazi, ndipo panapita nthawi yaitali asanamuchezere. Phindu linachepa, ndipo silinabwererenso pamene linali. Koma m'mawa uliwonse mayiyo ankadzuka nthawi imene wafuna, n'kuliza injini yake, osaima pakhomo pa munthu.

Tsono amayi anzanga, mverani. Sindikunena kuti kuthandizidwa n'koipa. Tonse tinaberekedwa kumsana, ndipo tsiku lomaliza adzatinyamula ndi anthu. Thandizo la tsiku la tsoka ndi chisomo, lilandireni ndi manja awiri. Koma thandizo limene muyenera kulipempha m'mawa uliwonse kwa munthu mmodzimodzi yemweyo limasanduka goli, ndipo wolipereka sachedwa kuzindikira zimenezo.

Mudzapatsidwa zinthu zambiri zazikulu: malonda, udindo, nyumba, ngakhale banja. Okukondani adzakuuzani zonse zimene chinthucho chingayatse, ndipo sadzakhala akunama. Funso limene iwo sadzafunsa, mufunse ndinu: kodi mawa, onsewa atabwerera kwawo, adzachiliza ndani? Akakuuzani mwaulemu kuti musavutike, athokozeni mwaulemu womwewo, ndipo muvutike. Kwinyani chitenje, pondani chitsulo, kokani nokha, iwo akuona. Manyazi a m'sitolo amatha musanafike pa depoti.