Birimankhwe Panjira ya Kumanja

Birimankhwe ndi Njiri anadana chifukwa cha msewu watsopano wa m'dziko la nyama. Msewuwo unali ndi njira ziwiri mbali iliyonse: ya kumanzere ya oyenda mwachifatse, ya kumanja ya ofuna kupitirira anzawo. Aliyense ankalimvetsa lamulolo, kupatula Birimankhwe, amene anali atangogula kagalimoto kake koyamba.

"Kumanzere?" ankatero iye. "Munaona kuti munthu wamkulu akupatsidwa moni ndi dzanja lamanzere? Ulemu uli kumanja, ndipo ine ndiyenda kumanja."

Tsiku lina Loweruka, mwana wake wamkazi, Nachisale, ankakwatiwa ndi Gulo, mnyamata wofatsa amene ankangogwedezera mutu chilichonse. Womanga ukwatiwo anali M'busa Khwangwala, wa kolala yoyera uja, ndipo iyeyu sankadikira munthu. Anali atanena poyera kuti mkwati akachedwa atseka tchalitchi n'kupita kumaliro kutsidya.

Birimankhwe sanade nkhawa. Anachita kunyamuka mochedwa dala, poti anthu akuluakulu amafika ena onse atakhala kale, kuti awaimirire. Analowa njira ya kumanja, n'kutembenuza galasi loonera kumbuyo kuti azionamo nkhope yake ikusintha maonekedwe. Maso ozungulira mbali zonse anali nawo, koma tsikulo diso lina linali pamsewu, linalo pa iye mwini.

Kumanzere kunali lole ya Mvuu, yodzaza njerwa, ikubuula pachitunda. Birimankhwe anafika pambali pake n'kuyamba kuyenda nayo phewa ndi phewa, osaipitirira, osaisiya. Msewu wonse unatsekeka ngati botolo.

Kumbuyo kwake kwenikweni kunali Njiri, nkhoswe ya Gulo, atanyamula mkwatiyo pagalimoto yake. Tayala linali litawaphulikira m'mawa, ndiye nthawi inali itawathera kale. Njiri, amene mtima wake unali wapachala, anaphethiritsa magetsi, kenako n'kugona pa hutala. Ena onse pamzerewo anamuthandiza kuliza.

Birimankhwe atamva phokosolo anasanduka wachikasu ndi chimwemwe. "Tamverani!" anadziuza. "Amva kuti tate wa mkwatibwi akudutsa, ndiye andikonzera mdipiti." Anatulutsa dzanja pazenera n'kumabayibitsa pang'onopang'ono, ndipo anachepetsanso liwiro kuti anthu amuone bwino. Paja amati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

"Iwe Gulo, tulutsa mutu uwauze apatuke!" anakalipa Njiri.

Gulo anasuzumira, nthawi yomweyo n'kubisa nkhope. "Aaa, ankhoswe, si apongozi awo? Ine ndiwakalipire apongozi pamsewu, tsiku laukwati?"

"Ndiye ukwatira msewu womwewu?"

Gulo anangogwedeza mutu.

Njiri anatulutsa mutu wake yekha, mano ali pamtunda. "Bambo inu! Kumanzere kuli minga? Tapatukani, tikuchedwa!"

Birimankhwe sanacheuke n'komwe. Anangomva kuti wina akufuula, ndipo anayankha mokoma mtima ngati mlangizi: "Kuthamanga sikufika, mwanawe! Yendani pambuyo pa akulu muphunzire." Atatero anakweza galasi la pazenera n'kutsegula wailesi.

Anayenda choncho mpaka pamphambano ya kutchalitchi, dzuwa lili paliwombo. Atafika patchalitchipo, Birimankhwe anatsika mwaulemerero, n'kukonza tayi, kudikira kuti amayi alulutire. Kunali zii. Chitseko chinali chokhoma, M'busa Khwangwala atauluka kalekale, ndipo Nachisale anali atakhala pakhonde, velo ili m'manja, maso ali psuu.

"Ndani wachititsa mwana wanga manyazi otere?" anabangula Birimankhwe, atada bii ndi mkwiyo. "Mkwati ali kuti? Achinyamata a masiku ano sadziwa kusunga nthawi!"

Pomwepo galimoto ya Njiri inaima kumbuyo kwa yake, ikutuluka nthunzi. Gulo anatsika, suti ili yonyowa ndi thukuta. Njiri anatsika pambuyo pake n'kumenyetsa chitseko.

"Mkwati ndi uyu," anatero Njiri. "Wakhala akuona msana wa galimoto yanu kuyambira pachitunda paja. Munatibayibitsa bwino kwambiri, zikomo."

Anthu amene anatsala patchalitchipo anayang'anana. Nachisale anaimirira n'kufunsa motsitsa mawu, "Bambo, ndinu munatseka njira?"

Birimankhwe anasanduka wobiriwira, kenako wotuwa, kenako wamawangamawanga, koma mtundu womubisa sunapezeke. "Ine ndimayesa mdipiti," ananong'ona.

"Ife tikubwerera kwathu," anatero Njiri. "Munthu wokaniza anzake msewu wa tonse, kodi mkamwini adzamupatsa mpata wopuma pakhomo pake? Zaukwatizi zathera pano. Si choncho, Gulo?"

Gulo anayang'ana Nachisale, misozi ili lengelenge, koma mutu wake unagwedezeka monga mwa masiku onse.

Birimankhwe anagulitsa kagalimoto kaja mwezi womwewo. Mpaka lero amayenda wapansi, mwendo kuponya n'kubweza, diso limodzi lili kumbuyo kuona ngati pali amene akufuna kudutsa. Kungoti palibenso amene amamutsatira.

Phunziro: Njira ya kumanja si mpando waulemu. Ukapitirira, bwerera kumanzere, pakuti amene ukumutsekereza kumbuyo mwina wanyamula mwayi wa pakhomo pako.