Kampango ka Keziya

Kale ku Mangalande kunali mtsikana wina wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, dzina lake Keziya. Tsiku lina dona wolemera akudutsa, kampango kake kasilika kanagwa. Keziya anatola, n'kubisa pachifuwa. Musandifunse ngati kampangoko kanagwa kokha kapena kanachita kuthandizidwa, ine kunalibe. Koma wapolisi analipo.

Masiku amenewo wakuba sankangomutsekera ayi. Ankamukweza sitima yapamadzi n'kukamutaya kutali, ku Ositereliya, ulendo wa miyezi. Tangoganizani, amayi anzanga, mwana wongotha kumene msinkhu, chifukwa cha kansalu kopukutira mamina! Mayi ake anatsala padoko manja ali kumutu.

Keziya atafika kumeneko anamuika m'nyumba ya akaidi aakazi, ntchito yake kuchapa ndi kupota ubweya wa nkhosa. Mmenemo Keziya analumbira kuti chagwa pansi si chake. Singano ikagwa, ankaitana mwini wake. Mbatata ikagubuduzika mpaka kumapazi kwake, ankailambalala ngati njoka, njala ili m'mimba. Anzake mpaka anamutcha Satola.

Tsono mverani mwambo wa kumeneko, mugwire pakamwa. Amuna amene atsiriza ukaidi wawo ankabwera kudzafuna mbeta m'nyumba momwemo. Ankhoswe? Kunalibe. Akazi ankangowandandalika, mwamuna n'kumayenda ngati akusankha nkhuku pamsika. Amene wamukonda, ankamugwetsera kampango kumapazi. Mkazi akatola, ukwati watheka, ndipo m'nyumba ya akaidi watulukamo. Akapanda kutola, mwamuna azipita, iye abwerere kochapa.

Panali mbusa wina wa nkhosa, Silasi, amene ankabweretsa ubweya pangolo. Nayenso anabwera dzikolo ali pa unyolo, nkhani ya abakha a eni ake, koma zake zinali zitatha. Makutu ngati mbale, manyazi ngati mkamwini watsopano. Chaka chathunthu ankatsitsa ubweya pafupi ndi pochapira Keziya, mawu ake amodzimodzi: "Kwatentha lero." Ngakhale mu Juni, anthu akunjenjemera! Keziyanso tisamuyeretse. Tsiku la ngolo tsitsi ankapesa kawiri.

Ndiye tsiku losankha linafika. Akazi ndandanda. Silasi analowa atavala jekete yobwereka, manja ake othera m'zigongono. Sanayang'ane kumanja, sanayang'ane kumanzere. Anakaima pamaso pa Keziya, n'kugwetsa kampango. Sikanali kasilika. Kanali kodula kumalaya akale, m'mphepete atasoka yekha mokhotakhota.

Keziya anauma gwa! Mtima unkafuna, koma maso ankaona msewu uja wa kwawo, khosi likumva dzanja la wapolisi. Kampango kamodzi kanamulanda mayi ake ndi dziko lake. Nanga aka kadzamulanda chiyani?

Pambali pake panali mayi Brijeti, mkaidi wakalekale, wopanda mano akutsogolo. Anamugunda ndi chigongono.

"Tola, mwana iwe! Ukachedwa nditola ndine, ndipo mnyamatayu alira mpaka nkhosa zimve."

"Si kanga, mayi," Keziya ananong'ona.

Woyang'anira akaidi anayamba kugwedeza makiyi, kusonyeza kuti nthawi yatha. Thukuta linali kamukamu pa Silasi, tsiku limenelo kunamutenthera zenizeni. Ndipo kwa nthawi yoyamba ananena mawu ena.

"Sikanagwe kokha ayi. Ndakugwetserani dala. N'kanu."

Keziya anawerama pang'onopang'ono. Anakakhudza ndi chala chimodzi kaye, ngati khala la moto. Kenaka anatola, n'kucheukira kukhomo, kudikira wapolisi. Chitseko chinatsekukadi. Koma chinatsekuka kuti iye atuluke.

Anakwera ngolo ya ubweya ija, mayi Brijeti akululutira ndi nkhama zokhazokha. Ndipo kampango kokhotakhotako kanadzapukuta mphuno za ana awo onse, mpaka kanatha ngati ukonde.

Abale anga, m'tchalitchi muno a Satola tilimo ambiri. Sinditchula maina, ngakhale lilime likuyabwa. Tinalakwa, inde, mudzi wonse unamva, ena tinathandiza kufalitsa. Chilango tinalandira, tinalapa. Koma lero Ambuye aima pamaso pathu, atigwetsera chikhululuko kumapazi, ife tikuti, "Si changa, n'cha oyera." Tikhala benchi lakumbuyo, tsiku la Mgonero tithawira panja, kumangoyang'ana tchimo lakale lija.

Kutenga chomwe sunapatsidwe ndiko kuba. Kutola chomwe mwini wake wakugwetsera dala, kumeneko n'kulandira. Chisomo sichinagwe mwangozi m'thumba la Mulungu. Anakuona pamzere, ndi mbiri yako yonseyo, n'kudzaima pamaso pako.

Werama, m'bale wanga. Tola. N'chako.