Botolo la Nason pa Phiri la Damavand

M'nyumba ina yosanja ku Naif, mumzinda wa Dubai, m'chaka cha 2004, munkakhala injiniya wina dzina lake Nason Likoswe, mbadwa ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Pa Sapitwa adafikapo kasanu ndi kawiri, ndipo panalibe mlendo wotuluka m'nyumbamo asanamve mbiri imeneyi. Atamva kuti anzake akupita ku Iran kukakwera phiri la Damavand m'nyengo yachisanu, mtima udamudumpha ngati kamwana ka mbuzi. Adagula mbendera ya Malawi, nalumbira kuti akaizika pansonga ndi manja ake.

Mtsogoleri wa gululo adali Hildah, namwino wa ku Chipata, amene adakwerapo kale mapiri a chipale chofewa. Lachisanu lililonse ankawaphunzitsa pa milu ya mchenga m'chipululu: kuponda ndi nsapato za minga yachitsulo, kudziimitsa ndi nkhwangwa ukaterereka, kuyenda atamangana chingwe. Zonsezi Nason adazigwira msanga. Koma litafika phunziro la madzi akumwa, adaseka chikhakhali.

"Achimwene, tcherani khutu," adatero Hildah. "Kumwambako mumathira madzi otentha m'botolo, n'kulibisa m'kati mwa jekete kuti lisaundane."

"Khalas, basi, mlongo wanga! Mwamuna wa ku Mulanje mumuphunzitse kumwa madzi? Ndatha zaka zisanu padzuwa la Dubai, ludzu ndimalidziwa."

Apa m'pamene padagona nkhani. Ku Dubai madzi otentha ndi chilango; botolo limapachikidwa kunja kwa chikwama, pofikirika, ndipo likazizira munthu amathokoza.

Tsiku lokwera pansonga lidacha bwino. Phiri lidayera mbee, chipale chikulira pansi pa minga ya nsapato, ndipo Nason ankaimba nyimbo zakwawo, botolo likulendewera kumbuyo monga mwa masiku onse. Atakwera maola anayi, kukhosi kudauma gwa. Adatenga botolo lija, napotokola chotsekera, koma osatheka. Adaligwedeza: zii. Madzi onse adali atasanduka mwala.

Hildah adamugawira ake, koma botolo limodzi silikweza anthu awiri njira yotalika chotero. Posakhalitsa mutu udayamba kumuwaza ngati nkhwangwa, miyendo ikupepesuka. Nsonga inkaoneka poteropo, yonyezimira, ngati ungaigwire ndi dzanja.

"Mubwerera pano, achimwene," adagamula Hildah. "Mutsika ndi mkulu wolondolera njirayu. Chingwe ndi chimodzi. Mukagwa inu, tagwa tonse."

Nason adayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Kenaka adasolola mbendera pachifuwa, pamalo pomwe pakadakhala botolo, naipereka.

"Mukaizike bwino. Dzuwa la pambenderapo likhale kumwamba."

"Musadandaule," adaseka Hildah. "Ife a ku Zambia tidazolowera kukunyamulirani katundu. Yalla, tiyeni anzanga!"

Masana, ali pamsasa akumwa madzi otentha ndi manja awiri, adamva nthungululu za anzake zikutsika ndi mphepo kuchokera pansonga. Adaimirira, nawomba m'manja, misozi ikuundana m'masaya.

Chithunzi cha tsikulo chili pakhoma ku Naif: mbendera ya Malawi ikuuluka pamwamba pa Damavand, m'manja mwa mayi wa ku Chipata. Mlendo akafunsa kuti mwininyumba ali pati pachithunzipo, Nason amaloza botolo limene adaliika pansi pake. Akuluakulu sadaname: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.